Ka memory ka gong'a kangadye ukwati wanu wonse

Abale anga, tiyeni tikambe zoona. Komiti ya ukwati ikakhala pansi, imakangana mpaka usiku pa nkhani ya hall, keke, DJ, zovala za line-up, na nkhuku zingati zizakwana. Cameraman naye amalowa pa budget, ndipo a chairman amamufinya mtengo mpaka atuluke thukuta. Koma kulibe amene amafunsa za kanthu kang'ono ngati chikhadabo kamene kali mkati mwa kamela yake. Sande ikacha, chakudya chadyewa, maluwa afota, mipando yabwelela kwa eni ake, suti ya hire yabwezedwa. Chimene chatsala pa ndalama zonse zija chili pa memory card. Ikakana kuseguka, simungaitanenso apongozi kuchoka ku Chipata kuti abwele avinenso.

Sabata ino nikamba na anthu atatu. Woyamba ni inu amene mwatenga ndalama ya chilimba, mwagula kamela ya second-hand, mufuna kuyamba kukopa ma kitchen party, ma graduation na ma birthday. Wachiwili ni inu amene mwafukula ka digital camera ka amalume mu drawer, chifukwa pa TikTok na Instagram tumakamela twakale twabwelanso mu fashoni. Wachitatu ni inu amene mulibe kamela, koma muzalipila munthu kuti akope tsiku lanu. Nonse gwilani chinthu chimodzi: nambala ya GB, imene wogulitsa amayamba nayo, ndiyo yothela kufunsa. Patsogolo pake pali mafunso atatu. Kodi card iyi izasebenza mu kamela yanga? Kodi ili na liwilo lokwanila? Kodi ni yeniyeni, olo ni gong'a?

Kulowa si kusebenza

Makamela ambili amene muona mu Lusaka, monga Canon 600D, 700D na 2000D, Nikon D3200 na D5300, kapena Sony A6400, amasebenzetsa SD card, ija yolingana na sitampu ya ku positi. Inatuluka mu 1999, makampani atatu, SanDisk, Panasonic na Toshiba, atagwilizana. Vuto ni lakuti banja la SD lili na ana ofanana nkhope koma osiyana mkati. SD wamba imathela pa 2GB. SDHC, ya mu 2006, imafika pa 32GB. SDXC, ya mu 2009, ndiyo ya 64GB, 128GB, kukwela mpaka 2TB. Zonse zitatu zimalowa pa kabowo kamodzimodzi. Kamela yatsopano imawelenga zakale, koma yakale siwelenga zatsopano. Canon 500D, mwachitsanzo, imathela pa SDHC, pamene mng'ono wake 550D amalandila SDXC. Mukagulila 500D card ya 128GB, izalowa bwinobwino, koma kamela izaikana, imwe muyambe kutukwana wogulitsa wosalakwa.

A tumakamela twakale, apa ndiye panu. Kamela imene inapangidwa 2006 isanafike nthawi zambili imafuna SD ya 2GB kapena yocheperapo, ndipo card yaing'ono chonchi masiku ano ni yovuta kupeza kupambana yaikulu. Sony Cyber-shot zakale zimadya Memory Stick PRO Duo, mtundu wa Sony yekha. Olympus na Fujifilm zakale zimafuna xD-Picture Card, imene inayamba mu 2002, inathela pa 2GB, ndipo analeka kuipanga. Ndiye musanalipile ka kamela kokongola kamene mwaona pa Facebook, tsegulani kachitseko ka batile, muwelenge zilembo zili pamenepo. Ngati palembedwa xD ndipo wogulitsa alibe card yake, mwagula chokongoletsela pa display cabinet.

Amene agula makamela akuluakulu a second-hand, monga Canon 5D Mark II, Canon 7D kapena Nikon D700, akumana na CompactFlash, imene amangoiti CF. Ni card yaikulu, yolimba, ya SanDisk ya mu 1994. Ili na tumabowo 50, ndipo mkati mwa kamela muli tumapini 50 tolowa mmenemo. Mukaikankha mokakamiza, kapena fumbi la mu Ogasiti likatseka kabowo kamodzi, pini imapindika, ndipo yadwala ni kamela, osati card. Ilowetseni mofatsa. Ndipo chenjelani na CFast: dzina lifanana, kukula kufanana, koma mu kamela ya CF siisebenza.

Kumwamba kwenikweni kuli XQD na CFexpress, za makamela monga Nikon Z6, Canon R5 na Sony A7S III. Nazo zili na mitundu: CFexpress Type B ni ya Canon na Nikon, Type A ni yaing'ono, ya Sony. Card imodzi ya izi, pamodzi na reader yake, ingadule kupambana kamela yonse imene mnzanu anayambila nayo bizinesi. Ikani mtengo wake pa budget musanagule kamela, osati mutagula kale.

Nanga ka microSD ka mu foni, kaja mumaika mu adapter? Kazasebenza, sinikana. Ma drone a DJI na ma GoPro amafuna komweko. Koma mu kamela ya SD, adapter ni mkhalapakati wowonjezela, ndipo mkhalapakati aliyense angakugwetseni. Tuzitsulo twake tumatha, ka lock ka m'mbali kamakhwepa n'kutsika kokha pamene mulowetsa, kamela n'kukana kulemba. Pa mapikicha a Sande ku Kabwata Cultural Village, palibe mlandu. Pa nchito imene munthu wakulipilani deposit, gulani SD yathunthu.

Nambala yaikulu ni ya kukunyengelelani

Pa nkhope ya card pamakhala nambala yonenepa, monga 120MB/s kapena 170MB/s. Iyo ni ya kuwelenga, pamene musamutsila mapikicha ku kompyuta, ndipo ni liwilo la pamwamba penipeni. Ili ngati 180 yolembedwa pa speedo ya Corolla imene yaima mu mzele pa Great East Road 7 koloko m'mawa. Kamela ilibe nayo nchito. Chimene kamela ifuna ni liwilo la kulemba, makamaka liwilo limene card singatsike pansi pake olo itatopa bwanji. Limenelo lili pa tuzizindikilo tung'onotung'ono tumene anthu sayang'ana.

Chilembo C chokhala na 10 mkati chitanthauza kuti card ilemba 10MB pa sekondi kapena kupitilila. Chilembo U, chooneka ngati kapu, chikakhala na 1 mkati ni 10MB yomweyo. Chikakhala na 3 ni 30MB. Chilembo V ndicho chosavuta: V30 ni 30MB pa sekondi, V60 ni 60, V90 ni 90. Mukaona A1 kapena A2, izo ni za ma app a mu foni, sizikhudza kamela.

Manje kamela yanu ifuna iti? Lowani mu menu ya vidiyo, muone nambala yothela na Mbps. Igaweni na 8, muzapeza MB pa sekondi. Sony A6400 kapena A7 III ikakopa 4K pa 100Mbps, ndiye kuti ithila 12.5MB pa sekondi iliyonse, ndipo Sony imafuna U3 isanakulole kuyamba. Kamela yokopa pa 400Mbps ithila 50MB pa sekondi. Apo V30 yachepa, mufunika V60. Walila mvula walila matope: mukafuna 4K yapamwamba, konzekani kulipila card yake.

Card yochedwa imaonetsa mkhalidwe wake pa nthawi yoipitsitsa. Vidiyo imaima yokha pakati pa malumbilo. Olo line-up yalowa na step yatsopano, imwe mwapanikiza batani kuti kamela iwombe motsatizana, kamela yadzaza, yalemba BUSY, kalaiti kofiila kayaka kosazima. Pamene imalize kumeza, avundukula kale chitenge kumutu kwa mkwatibwi, nthungululu zatha, ndipo chimene mwagwila ni msana wa matron.

Koma musanamizile card milandu yonse. Makamela ambili a DSLR amaima okha pa mamineti 29 na masekondi 59, ena pa 20, olo muikemo card yodula bwanji. Ndipo pa SDHC fayilo imodzi singapitilile 4GB, ndiye makamela ena amadula vidiyo mu zidutswa, ena akale amangoima. Dziwani malile a kamela yanu, kuti abusa akayamba ulaliki wautali muziwa potsitsa na poyambilanso.

Mbali ina, musataye ndalama pa liwilo limene kamela singaligwile. Tembenuzani card. Ikakhala na mizele iwili ya tuzitsulo kumbuyo, ni UHS-II, yothamanga mpaka 312MB pa sekondi, ndipo mtengo wake uluma. Kamela yodziwa UHS-I chabe siigunda mzele wachiwili uja, ndipo malile a UHS-I ni 104MB pa sekondi. Canon 700D na Nikon D5300 sizikopa n'komwe 4K. Kugulila kamela yotele V90 kuli ngati kuvala suti ya ukwati popita ku Soweto kukagula tomato. Kwa ambili a ife, SD ya V30 yochokela ku kampani yodziwika, monga SanDisk, Kingston, Lexar, Samsung, Sony kapena Transcend, yakwana.

Awili a 64 apambana imodzi ya 256

Tafika pa GB. Tiyeni tiwelengele. Kamela ya ma megapixel 24 imatulutsa JPEG ya pafupifupi 10MB, ndipo RAW imakhala pakati pa 25MB na 30MB. Pa card ya 64GB mungaike ma JPEG pafupifupi 6,000, kapena ma RAW pafupifupi 2,000. Vidiyo ndiyo ili na njala: 4K ya 100Mbps imadya 750MB pa mineti, 45GB pa ola. Ndiye 64GB ikupatsani ola limodzi na mamineti 20, kupitililako pang'ono.

Apa mtima umati gulani imodzi yaikulu, musavutike kusintha. Ganizani kawili. Ukwati wa mu Lusaka ni ulendo: m'mawa ku saluni ku Chelstone, tchalichi ku Woodlands, mapikicha pa kapinga ku Kabulonga, reception madzulo mpaka DJ atathamangitsidwa. Zonsezi zikakhala pa card imodzi, n'kufa, kapena n'kugwa mu minibus pobwelela, mwataya tsiku lathunthu. Zikakhala pa ma card atatu, mwataya gawo. Sinthani card potuluka mu tchalichi, musinthenso musanalowe mu hall. Yodzala ikani mu kachikwama kake motembenuza, zilembo pansi, kuti musaisokoneze na yopanda kanthu, ndipo kachikwamako kakhale pa thupi panu, osati mu bag imene mwasiya pansi pa thebulo la keke.

Ngati mukali kusankha kamela ya bizinesi, yang'anani yokhala na mabowo awili a card. Nikon D7000, D7100, D7200 na D750 ali nawo, Sony A7 III ili nawo, Canon 5D Mark III ili na CF kumodzi, SD kwina. Mu menu muuze kamela kuti pikicha iliyonse ilembe pa ma card onse awili nthawi imodzi. Imodzi ikafa, inzake ilipo. Canon 6D, 2000D na Nikon D3200 ali na bowo limodzi chabe. A makamela amenewa, kusintha ma card pafupipafupi ndiyo inshuwalansi yanu.

Chikomekome cha mkuyu

Memory card muzaipeza paliponse: pa Cairo Road, Freedom Way na Chachacha, ku Town Centre, ku Kamwala, mpaka mu ma shopu a ku Manda Hill, East Park na Levy. Sinikamba kuti wa mu street aliyense ni wakuba, ndipo sinikamba kuti magalasi na aircon ni umboni wa chilungamo. Ogulitsa ambili amaoda katundu wambilimbili, naonso sadziwa zili mkati. Ma card a gong'a ni vuto la dziko lonse lapansi, ndipo maina otchuka ndiwo amakopeledwa kwambili, chifukwa ndiwo anthu amakhulupilila.

Mvetsani mmene chinyengo chake chimayendela. Amatenga ka chip kang'ono, tinene ka 8GB, n'kukaphunzitsa bodza kuti kazikamba kuti ni ka 128GB. Mukaika mu foni, foni ikamba 128. Mu kamela, 128. Mukopa mapikicha 20 pamenepo pa counter, onse aoneka bwino, mulipila, mupita. Card isebenza laka mpaka 8GB yeniyeni ija itadzala. Kuchoka apo, zatsopano zimapita mu mphepo, olo zimalemba pamwamba pa zakale. Kamela siidandaula, ipitiliza kuwelenga manambala. Muzaziwa Mande, pamene mwaika pa laptop, maina a mafayilo alipo onse, koma mukatsegula ni imvi chabe, kapena theka la nkhope. Ndipo apa kulibe katswili angakuthandizeni, chifukwa zinthuzo sizinalembedwepo n'komwe.

Chizindikilo choyamba ni mtengo. Munthu akakuuzani kuti, "Ba boss, iyi ni 512, original, nizakupangilani price," ndipo price yake ni ya nshima na T-bone ku Matebeto, pitilizani ulendo. Yambani mwafunsa mtengo mu ma shopu awili kapena atatu odziwika, kuti mukhale na poyezela. Yang'ananinso pepala: zilembo zofufutika, spelling yolakwika, sitika yopendama, paketi yomata na glue. Koma a gong'a a masiku ano amasindikiza bwino, ndiye maso paokha sakwanila.

Chotsimikiza ni kuyesa. Pali pulogalamu yaulele ya Windows yochedwa H2testw, yochokela ku Germany, ndipo a Mac na Linux ali na inzake yochedwa F3. Imadzaza card yonse, n'kuwelenganso zimene yalemba, n'kukuuzani ma GB enieni na liwilo lenileni. Pa 64GB ingatenge ola kapena kupitilila, ndiye iyambitseni pamene malaiti alipo, muphike nshima, mubwele muone. Ngati mulibe kompyuta, ikani card mu kamela, mukope vidiyo ya chipupa mpaka idzale, mukatelo museweze yoyamba, yapakati na yothela. Zonse zikaseguka bwino, card ni yeniyeni.

Koma musathamangile kukachita ndeo chifukwa kompyuta yaonetsa 59GB pa card ya 64GB, kapena 119GB pa ya 128GB. Uko si kuba. Opanga amawelenga 1,000 pamene kompyuta imawelenga 1,024, ndiye kusiyana kumeneko kumakhalapo pa card iliyonse yeniyeni.

Ndipo tengani lisiti. Muuzeni wogulitsa pamaso kuti mukaiyesa, ikalephela mubweza. Akayamba kuzungulila, mwapeza yankho musanalipile. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, lija timati CCPC, limalandila madandaulo a ogula pansi pa lamulo la mu 2010, ndipo lamulo lomwelo limaletsa zikwangwani zokana kubweza ndalama. Koma popanda lisiti, muyambila pati?

Card yabwino nayo ifuna ulemu

Card yatsopano, chitani format mu kamela imene izasebenzelamo, osati pa kompyuta kapena mu foni. Chitani chimodzimodzi musanayambe nchito iliyonse, mutatsimikiza kuti zakale mwasamutsa. Lekani chizolowezi chochotsa card mu kamela, kuika mu foni kuti mumvele Yo Maps, mawa kubwezanso mu kamela. Chida chilichonse chimalembamo mafoda ake, ndipo tsiku lina Canon izakupatsani Err 02 pakhomo pa tchalichi.

Kalaiti ka card kakali kuyaka, musatsegule chitseko, musachotse batile. Batile ikatsala pang'ono, sinthani isanafe yokha pakati pa vidiyo, chifukwa fayilo yosatsekedwa bwino nthawi zambili siiseguka.

Mukafika kunyumba, chitani copy, osati cut. Malaiti akapita pakati pa cut, mungapezeke kuti uku kulibe, uko kulibe. Ikani malo awili, pa laptop na pa hard drive, mutsegule mapikicha angapo kuti muone ngati ali moyo, ndipo card musaigwile mpaka kasitomala atalandila katundu wake. Memory card ni basi yonyamula, si nyumba yokhalamo.

Popita kukatsukitsa mapikicha ku studio kapena ku intaneti cafe, tsitsani ka lock ka m'mbali mwa SD musanaipeleke. Kompyuta imene imalandila ma flash a tauni yonse imakhala na matenda ake, makamaka ka virus kaja kamene kamasandutsa mafoda kukhala ma shortcut. Chabwino koposa, ikani mapikicha ofunika pa flash, card itsale kunyumba.

Tsoka likagwa, mwafufuta molakwika kapena mwachita format musanasamutse, imani pamenepo. Musakopenso olo pikicha imodzi. Nthawi zambili mafayilo amakhala akalimo, chimene chachoka ni mndandanda wake chabe, ndipo mapulogalamu aulele monga PhotoRec na Recuva angawabweze. Zobwezedwazo muzisunge pa kompyuta, osati pa card yomweyo. Pikicha iliyonse yatsopano imene mukopa imaponda pa yakale.

Nkhani yomweyi ili na mbali ina imene ife a tsamba la zosangalatsa timaidziwa bwino. Ngati inu mungabweze zofufutidwa, naye amene mwamubweleka card angazibweze. Mapikicha a mseli, mavidiyo a ku chipinda cha alangizi amene si a maso a aliyense, ma ID a makasitomala, zonse zingauke kwa akufa mu manja a munthu wina. Musanagulitse kamela na card yake, kapena kubweleketsa, sankhani low level format ngati kamela yanu ili nayo. Ngati ilibe, chitani format, mudzaze card yonse na vidiyo ya chipupa, muchitenso format. Olo chabe gulitsani kamela, card musunge.

Imwe olipila, funsani

A komiti, a matron, na imwe akwati, simufunika kuloweza V30 na SDXC. Mufunika mafunso anayi, ndipo muwafunse musanatume deposit pa mobile money. Kamela yanu imalemba pa ma card awili nthawi imodzi? Ngati iyayi, mubwela na ma card angati, ndipo musintha kangati? Mukafika kunyumba musunga malo angati? Mukatipatsa zathu, muzasunga zotsala kwa miyezi ingati? Wodziwa nchito yake ayankha mosavuta, mwina akondwa kuti mwafunsa. Amene akuti, "Osadandaula ba sister, nili na ka 1TB kamodzi, vonse vizakwana," ameneyo mufunsitseni kumene anakagula na mtengo wake. Mayankho akhale pa WhatsApp, kuti mawa pasakhale zokanana. Safunsa anadya phula.

Ndipo musamufinye mpaka fupa. Cameraman amene mwamudula mtengo pakati amapeza pobwezela, ndipo malo oyamba amene amachepetsa ni amene imwe simuona: card yochipa, hard drive imodzi yodzala kale.

Mwachidule, gulani chonchi

Wa ka digital camera kakale ka mapikicha a pa braai na ku East Park: welengani pa kachitseko ka batile, mugule mtundu umene walembedwa, waung'ono, 2GB ngati ni ya 2006 isanafike.

Woyamba bizinesi na DSLR ya bowo limodzi, wodikila ma graduation ku UNZA na ku Evelyn Hone: ma SD awili kapena atatu a 32GB kapena 64GB, V30, UHS-I, oyesedwa onse. Onani kaye ngati kamela imalandila SDXC musanapitilile 32GB.

Wa mavidiyo a nyimbo na maukwati a 4K: onani Mbps mu menu, mugawe na 8, mugule V imene ili pamwamba pa yankho. 128GB iliyonse, ziwili kapena kupitilila, ndipo ngati kamela ili na mabowo awili, onse asebenze.

Wa drone na GoPro: microSD ya V30, ndipo muchotse zimene mwakopa musanaulutsenso, chifukwa drone ikakodwa mu mtengo wa jacaranda wa eni ake ku Kabulonga, imapita na card yake.

Chothela, card musagule pa Chisanu madzulo pamene nchito ni pa Chiwelu m'mawa. Gulani pa Mande, muyese pa Chiwili, ndipo ikakhala gong'a mukali na masiku atatu obwelela na lisiti yanu mu tauni.